Kagalimoto Kamene Kanasiya Kuyankha

Abale ndi alongo, tcherani khutu ku fanizo ili. Panali munthu wina, mwana wa mlimi wa manachesi ku Neno. Sukulu inkamukonda, moti anaphunzira mpaka kuwoloka nyanja, n'kukalowa ntchito kwa anthu amene amaponya makina ku Mars, dziko lofiira lija lili kutali mlengalenga.

Ntchito imeneyo si yamasewera ayi. Makina ambiri oyambirira ankangophwanyika potera. Ena anatera bwino koma analibe poyendera, anangokhala pamodzimodzi n'kumajambula miyala yomweyomweyo mpaka kuzima. Kenaka anapanga kagalimoto kopanda munthu m'kati, koyendera mphamvu ya dzuwa. Munthu wathuyu ndiye ankakauza kopita, iye ali pansi pano. Ankalemba mawu pa kompyuta, mawuwo n'kuuluka, kagalimotoko n'kukhotera kumene wanena, kenaka n'kutumiza zithunzi. Ankakakonda zedi. Kakangochedwa kuyankha, iye chakudya sichinkalowa.

Tsono kwawo ku Neno bambo ake anali atakalamba. Netiweki kumeneko inali yovuta, ndiye mkuluyo ankakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, ndodo kumanja, kuti aimbire mwana wake. Foni ikalira, mwanayo ankaiyang'ana n'kuibwezera m'thumba. Chowiringula anali nacho. Ankati iwo pantchitopo amayendera wotchi ya ku Mars, kumene tsiku ndi lotalikirapo, choncho nthawi yawo sigwirizana ndi ya anthu ena. Ha! Munthu wobadwira pamphasa, lero wotchi ya kwawo yamuchepera.

Mlongo wake Delifa, amene ankasamala mkuluyo, anamutumizira uthenga woti bambo ayamba kuiwala. Dzana aiwala njira ya kumunda, dzulo aiwala dzina la mdzukulu. Dzina lokhalo limene linkatulukabe bwinobwino pakamwa pawo linali la mwana wakutali uja. Delifa anachonderera kuti, "Achimwene, bwerani akadakudziwani. Ngati simungathe, ingoyankhani foni."

Masiku omwewo ku Mars kunabuka chimphepo cha fumbi. Dzuwa linaphimbika, kagalimoto kaja kanazima. Akuluakulu a pantchito anauza munthuyo kuti akhoza kupita kutchuthi, popeza panalibenso choti ayendetse. Mwaona? Khomo linatseguka lokha. Koma iye anakana. Anati kagalimotoko kangadzuke n'kupeza palibe wokamvera. Anamatirira pampando, kukaitana tsiku ndi tsiku, khutu lili tcheru. Miyezi inadutsa. Ankadandaulira anzake kuti palibe chowawa ngati kuitana chinthu chimene unachituma wekha, icho n'kungokhala chete. Apa pokha ine mtima umandiwawa, abale, chifukwa ankayankhula zimenezi foni ikunjenjemera m'thumba mwake.

Mapeto ake akuluakulu aja anati basi, kagalimoto kafa, tileke kukaitana. Anthu analira. Iyenso analira mpaka maso kufiira, bambo wamkulu ndithu kulirira chitsulo. Atapukuta misozi m'pamene anakumbukira kuti ali ndi kwawo, ndipo anaimba foni.

Anayankha ndi Delifa. Sanamukalipire, mphamvu zokalipa zinali zitamuthera kalekale. Anangopereka foniyo kwa bambo. Munthu uja anapereka moni, anatchula dzina lake, anatchula chiwongo chawo, anapepesa mobwerezabwereza. Mkuluyo anamvetsera mwaulemu wonse, monga ankachitira ndi mlendo aliyense wofika pakhomo. Kenaka anati:

"Zikomo bambo, koma ine sindikukudziwani. Chonde dulani foniyi. Ndikudikira mwana wanga, angaimbe n'kupeza ndikuyankhula ndi wina."

Tanthauzo lake nali, abale anga. Amene anakutumani pa dziko lino ndi Mulungu, ndipo sanakutayeni. Amakuitanani. Nthawi zina amaitana kudzera m'Mawu ake, nthawi zina kudzera mwa kholo lodwala, mwa mkazi amene munasiya kumumvera, mwa mnansi amene wagona ndi njala. Inu mumayang'ana n'kubwezera m'thumba, chifukwa khutu lanu munalipereka kwa zinthu zimene sizikudziwani n'komwe: bizinesi, udindo, dzina. Zimenezo zikazima mumalira ngati pamaliro. Wokuitanani weniweni mumati adikire, mudzamupeza mukamaliza.

Akulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Mulungu saiwala ngati nkhalamba ija ayi, koma nyengo yoyankha ili ndi polekeza, ndipo polekezapo simuika ndinu. Ine sindifuna kuti wina mwa inu adzafike pakhomo lomaliza, adzatchule dzina lake ndi la mpingo wake, n'kudzamva yankho limene anamva munthu uja. Yankhani lero, Iye akadakuitanani ndi dzina lanu.