Tsiku Limene a Kaludzu Anaitanira Mwana Wawo Apolisi

Amalawi amene anakhalako ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, zaka zija amakumbukirabe nyumba ya a Hamilton Kaludzu, makamaka chipinda chapansi chija munali wailesi yakanema yaikulu ngati chitseko. Nyengo ya mpira ikafika, Lamulungu lililonse anthu akangotuluka m'tchalitchi ankathamangira kumeneko. Nsapato zinkadzaza pakhomo ngati pamsika wa kaunjika. Mayi a m'nyumbamo, a Vainess, ankakazinga zitumbuwa ndi mapiko a nkhuku mpaka alamu ya utsi kulira, ana n'kumaikupiza ndi thaulo kuti ikhale chete. Kunja chipale chofewa chija amati sinowo chili mbuu, m'kati anthu thukuta lili kamukamu ndi kukuwa. Masiku amenewo anali okoma, abale inu.

Koma tisanamizane, si mpira umene unkasonkhanitsa anthuwo. Ambiri, kuphatikizapo mwini nyumba, sankaumvetsa n'komwe mpira wa ku America, uja wooneka ngati papaya, woti munthu amathamanga nawo m'manja anzake n'kumamugwetsa. Ankabwera kudzaona Jabulani, mwana mmodzi yekhayo wa a Kaludzu, chimphona cha mnyamata chobadwira konkuno ku Indiana. Anasewera kusekondale, anasewera kukoleji, kenako timu ina ya mu ligi yaikulu, ya kudera lina lakutali, inamusainitsa. Sanali katswiri wotchuka ayi. Anali m'gulu la aja olowa mwa apo ndi apo, oti akangotsimphina pang'ono mawa lake wina wavala kale yunifolomu yawo. Koma akangoonekera pa kanema, ngakhale msana wokha, a Kaludzu ankadumpha pampando.

"Uyo! Mngoni wa ku Ntcheu uyo! Mwamuona?"

A Kaludzu ankagwira ntchito yoyeza magazi pa chipatala china mumzindamo, ndipo anali mkulu wa mpingo. Anali munthu wabwino, wolandira alendo, koma akanena anena, simungawatembenuze. Yekhayo wolimba mtima kutsutsana nawo anali a Shadrick, mnzawo wa kusekondale, namwino wa ku Indianapolis amene ankabwera mwa apo ndi apo kudzaonera nawo mpira. Nkhani imene ankakanganirana kwambiri inali ya chamba. Pa nthawiyo pa kanema pankamveka mtsutso wosatha: kodi osewera mpira azilangidwa chifukwa cha chamba, nanga boma lizimangabe anthu opezeka nacho? Ku Michigan, kungodumpha malire apa, chinkagulitsidwa m'sitolo masanasana. Ku Indiana unali mlandu.

"Achimwene," ankatero a Shadrick, "ana awa matupi awo amaphwanyika sabata ndi sabata. Ine kuchipatala ndimakumana nawo anthu amene anayamba ndi mapilisi oletsa ululu, lero sangakhale osamwa. Sindikuti chamba n'chabwino ayi. Koma kumutsekera munthu m'chitokosi kumachiza bondo?"

"Chamba ndi chamba, a Shadrick. Kaya mwachiika m'botolo lokongola, kaya mwachikulunga m'makoko a nthochi, chimapengetsa basi. Mwaiwala anyamata aja ankatola mapepala padepoti?"

Akatero ankafotokozanso nkhani ya mng'ono wawo Eugene, imene aliyense anaiimva mpaka kuiloweza. Eugene ali mnyamata anayamba kusuta. Bambo awo anamugwira padzanja mpaka kupolisi ya kwawo, kumene sajeni wake ankaimba nawo kwaya imodzi. Sajeniyo anamukalipira, anamugoneka pasimenti, m'mawa anamupatsa chikwakwa kuti atchetche udzu, masana n'kumubweza kwa makolo ake atafewa ngati mbatata yophika. Panalibe pepala, panalibe khoti. Lero Eugene ndi mphunzitsi wamkulu.

"Ndi mmene tinkalerera ana kwathu," ankamaliza choncho a Kaludzu, maso ali kutali. "Wapolisi anali ngati malume."

Jabulani atasewera chaka chake chachiwiri, mpira unatsekera ndipo iye anakakhala ku Lawrence, ku Indianapolis, kumene ankalimbitsa thupi podikira kuti timu imuitane kukampu yokonzekera nyengo ya mpira. Loweruka lina m'mawa anabwera kudzaona makolo. Amayi ake anaona mmene ankakwerera masitepe, mwendo umodzi kaye kenako winawo. Bambo ake anafuna kutulutsa makina otchetchera kapinga m'galaja, ndiye anatenga makiyi kuti asunthe galimoto ya mwana wawo. Atangotsegula chitseko, fungo linawalandira. Mphuno ya munthu wokulira ku Malawi siiwala fungo limenelo. Pansi pa mpando anapeza kabokosi kodzaza timabotolo ndi timapaketi, zonse zili ndi chizindikiro cha sitolo ya ku Michigan.

Analowa m'nyumba n'kumufunsa mwana wawo. Jabulani sanakane. Anayankha m'Chingerezi, monga achitira ana a kuno amene Chichewa amangochimva.

"Dadi, ndagula kusitolo, mwalamulo. Bondo ili silindipatsa mtendere. Mapilisi ndikuwaopa, ndinaona zimene anamuchita mnzanga wina. Sindisutira m'nyumba mwanu, ndipo kampu ikayamba ndisiya."

"Katayire zonsezo m'chimbudzi pompano, ine ndikuona."

"Ndine munthu wamkulu, Dadi."

Ananena mofatsa, n'kukwera kuchipinda kwake kukapumitsa mwendo. Koma mawu amenewo anawaotcha a Kaludzu. Munthu wamkulu? M'nyumba mwa ndani? Anatenga foni.

"Bambo a Jabu, khalani kaye pansi," anatero a Vainess. "Imbirani a Shadrick. Kapena abusa abwere adzalankhule naye."

"Kuti mpingo wonse udziwe kuti mwana wa mkulu wa mpingo ndi wachamba? Iyi ndi nkhani ya m'nyumba, ithera mommuno. Abwere apolisi amuopseze pang'ono, mutu ubwerere m'malo."

"Kuno si kwathu, bambo. Chonde."

"Wapolisi ndi wapolisi kulikonse, nayenso ali ndi ana. Terekani tiyi, kukubwera alendo."

Ndiye onani munthu wamkulu ndi nzeru zake. Anaimba foni, anavala jekete ya kutchalitchi, anakonza mipando pabalaza kuti alendowo akhale moyang'anizana ndi mnyamatayo. M'maganizo mwawo ankaona kale mmene zithere: mawu okalipa pang'ono, Jabulani kugwetsa nkhope, kupepesa, kenako onse kumwa tiyi.

Kunabwera galimoto ziwiri, magetsi ali ng'aning'ani, aneba n'kuyamba kusuzumira m'mawindo. A Kaludzu anawachingamira alendo awo ndi manja awiri. Anatsegula okha galimoto ya mwana wawo, anatulutsa okha kabokosi kaja, n'kukapereka kwa wapolisi wamkazi amene ankatsogolera.

"Mungomukalipira pang'ono," ananong'ona. "Ndi mwana wabwino, kungoti wayamba kumva zake zokha. Akamva mawu a yunifolomu asintha."

Jabulani anatulukira pakhonde. Ataona apolisi anaimika manja m'mwamba pang'onopang'ono, popanda womuuza. Iye anakulira kuno, ndipo ankadziwa zimene bambo ake sankadziwa. Wapolisi uja anamufunsa mwaulemu ngati galimotoyo ndi zinthuzo zinali zake. Anavomera. Unyolo unalira kuti khwe.

"Ayi, ayi, ayi! Sindinakuitanireni zimenezo!" anakuwa a Kaludzu. "Ndine bambo wake, ndine ndaimba foni! Basi ndamukhululukira, mlandu ndauchotsa!"

"Bambo," anayankha wapolisiyo modekha, "mlanduwu si wanu. Ndi wa boma la Indiana."

Kuti akwane kumpando wakumbuyo, Jabulani anachita kupinda bondo lopweteka lija ndi nkhope yonse kukwinyika. Anawayang'ana bambo ake kamodzi kokha. A Vainess anali ataima pakhomo ndi thireyi ya makapu m'manja, ndipo anakhala choncho mpaka galimoto zija zinakhota.

Kunena zoona, khoti silinamuvute kwambiri mnyamatayo. Anatuluka msanga, analamulidwa kugwira ntchito zothandiza anthu ndi kupita kumaphunziro, nkhani ya boma n'kuthera pomwepo. Koma chithunzi chake cha kupolisi chinali chitayenda kale pa intaneti, dzina la timu yake lili pambali. Nkhani imene a Kaludzu ankaibisira abusa inafika m'mafoni a Amalawi onse a ku Indiana, ndipo Lolemba lisanathe Eugene anaimba foni kuchokera ku Ntcheu kufunsa ngati zinali zoona. Posakhalitsa timu inamuuza Jabulani kuti asavutike kubwera kukampu, akuti ikufuna wosewera wa malo ena. Aliyense anamva tanthauzo lake. Katswiri wotchuka akanamupirira, koma iye anali wa pabenchi, ndipo kumbuyo kwake kunali mzere wa anyamata ochokera kukoleji, a mawondo atsopano ndi mayina oyera. Womufunira matimu anayesa uku ndi uku, mafoni osayankhidwa. Mpira wa Jabulani unathera pamenepo.

A Shadrick anayendetsa galimoto kuchokera ku Indianapolis kudzaona mnzawo. Anawapeza m'chipinda chapansi chija ali okha, kanema ali wozima. Sanawadzudzule.

"Mukanangondiimbira, achimwene."

"Ndimati ndimuwongole," anatero a Kaludzu, misozi ili chuchuchu. "Ndimati ndimuchitire zimene anachita bambo anga. Mwana wanga ndamuphera ntchito ndi manja angawa, a Shadrick."

Nyengo ya mpira itabweranso, pakhomo paja panalibe nsapato. Si kuti anthu anawada ayi, koma ukakhala pamenepo uyang'ana kuti, ukuwira ndani? Amene tinkadya zitumbuwa m'nyumba imeneyo timazisowabe mpaka lero.

Jabulani sanapenge, ndipo sanatole mapepala padepoti iliyonse. Anapeza ntchito yophunzitsa ana mpira pa sukulu ina ku Lawrence. Kaya chamba anasiya kaya sanasiye, ine sindikudziwa, ndipo sindinafunse. Mtsutso uja ukupitirirabe, ena akuti lamulo lisinthe, ena akuti likhale momwemo, ndipo a Kaludzu akaumva pa wailesi amangotseka. Mnyamatayo ankalankhula ndi amayi ake pafoni sabata iliyonse. Bambo ake akapempha kuti alankhule naye, kumbali inayo kunkapezeka kuti watanganidwa.

Patapita zaka, a Vainess anatopa nazo. Loweruka lina masamba a mitengo atayamba kufiira, anawakweza amuna awo m'galimoto ulendo wa ku Indianapolis, kukaonera timu ya ana ija ikusewera. A Shadrick ndi mabanja ena a Amalawi anali komweko. A Kaludzu anakhala pabenchi yachitsulo, maso onse pa mwana wawo amene ankayenda motsimphina m'mbali mwa bwalo, kukuwira tianyamata take ndi kutisisita pamutu. Mpirawo sanauone n'komwe.

Masewera atatha Jabulani anabwera. Ananyamula amayi ake m'mwamba, iwo akukuwa kuti awatsitse, anthu onse n'kuseka. Kenako anatembenukira kwa bambo ake. A Kaludzu anaimirira, manja atatambasula kale. Jabulani anavula chipewa, anagwira chigongono chamanja ndi dzanja lamanzere, anawerama pang'ono, n'kupereka moni m'Chichewa chosalala chimene palibe anamumvapo akulankhula.

"Muli bwanji, a Kaludzu? Mwayenda bwanji?"

"Koma mwana waulemu uyu!" anatero mayi wina amene sankaidziwa nkhaniyo. "Ana a kuno ndani amapereka moni chonchi?"

A Kaludzu anatsitsa manja aja, n'kulandira dzanja la mwana wawo. Anayankha kuti ali bwino, ayenda bwino. Ulemu umene ankaufuna tsiku lija anaupeza wonse wathunthu, wosachepa paliponse, koma unali ulemu wopatsa mlendo. Jabulani anathokoza kuti abwera, anavala chipewa chake, n'kubwerera kwa tianyamata take.

Pobwerera ku South Bend anayendetsa ndi a Vainess, chifukwa maso a amuna awo sankaona bwino msewu. Anadutsa minda ya chimanga yosatha ya ku Indiana. Atayandikira kwawo m'pamene a Kaludzu analankhula, mawu ali pansipansi.

"Akanangonditukwana, mayi a Jabu. Akanangoti Dadi, ndiyeno n'kunditukwana."

A Vainess anangoika dzanja lawo pabondo la amuna awo. A Kaludzu anaitana apolisi akufuna mawu okalipa okha, osadziwa kuti pamodzi ndi mawuwo pabweranso unyolo, khoti, manyazi ndi mwana wosanduka mlendo. Munthu sasankha kuti pa chimene waitana alandirepo mbali yokoma yokha. Akuluakulu sananame: walira mvula, walira matope.