Dzina la a Nguluwe Pamtondo

Kalekale, ana inu, ndi inunso akuluakulu amene mukunamizira kusinza kumbuyoko, padali msika pansi pa mkuyu. Muziti "tili tonse" momveka, ndisamayalire malonda anthu ogona.

Wamalonda wamkulu pamsikapo adali a Nguluwe. Iwowa adali ndi mbale ziwiri. Yogulira chimanga nthawi yokolola idali yakuya ngati mtsuko. Yogulitsira adaiphwanya kunsi ndi mwala, kuti ukathiramo pang'ono izioneka yosefukira. Zaka zabwino ankakonda zachifundo. Ankavala jekete, kuitana oimba ng'oma, n'kupereka khasu limodzi kwa mudzi wonse, ng'oma zili di di di mpaka khasulo kuchita manyazi.

Kumapeto kwa msika kunkakhala Nakapuku, kambewa kamasiye, ndi thumba lake limodzi la chimanga. Mbale yake idali imodzi, yogulira yomweyo, yogulitsira yomweyo. Ukagula, ankatapa kadzanja n'kuwonjezera. "Basela uyo, mukapatse ana." Kadzanja ka kapuku mukukadziwa kuchepa kwake. Koma wolandira sankaiwala.

Ndiye kudabwera chaka choipa. Mvula idadula, minda idapsa, malonda adazizira. A Nguluwe adatseka nkhokwe kudikira kuti mtengo ukwere. Nyerere zimene zinkawasenzera matumba adazichotsa ntchito. Ng'oma adazipachika, mbale ija adaiphwanyanso kachiwiri. "Zinthu zavuta," ankatero. "Chifundo chiyambe chadikira."

Nakapuku basela sadasiye.

"Mayi, mukutiwonongera msika," adatero a Nguluwe. "Basela chaka ngati chino?"

"Bwana, ogulawa akafa mudzagulitsa kwa mkuyuwu?"

A Nguluwe adangofwenthera n'kumapita. Podutsa m'mudzi adamva amayi akukonola chimanga chomaliza cha kwa Nakapuku, akuimba dzina lake pamtondo. Zidawawawa. Iwo adapereka khasu lathunthu, koma palibe adawaimbapo.

Thumba la Nakapuku lidatha. Mitondo idayamba kukhala chete, lero uwu, mawa uwo. Ana a Njiwa adalira, adalira, kenako adaleka kulira, ndipo kuleka kumeneko n'kumene kudaopsa Nakapuku. Chimanga chotsala m'dziko lonselo chidali m'nkhokwe ya a Nguluwe basi.

Nakapuku akukung'untha thumba lake lopanda kanthu, adangoona jekete ya a Nguluwe yaima patsogolo pake.

"Mayi, nyimbo ija mudagula bwanji?"

"Sigulidwa, bwana. Koma yanu ndingakupekereni."

"Yotchula dzina langa?"

"Lonse, ndi ulemu wake womwe. Kungoti nyimbo ya pamtondo imayenda ndi munsi. Chimanga chikakonoleka, munsi waima, nyimbo yathera pomwepo. Mtondo wopanda kanthu sitiuimbira, umang'ambika."

"Ndipereka mbale imodzi."

Adayeza chimangacho ndi yophwanyika ija. Njiwa ndi Nkhanga adagwira minsi, Nakapuku n'kutsogolera:

Gu, gu, watigwira mkono ndani?
Chule, wa madzi a pachitsime.
Gu, gu, watigwira mkono ndani?
Njuchi, wa uchi wa odwala.

Kenako zii.

"Mwalekeranji?"

"Chakonoleka, bwana."

"Nanga dzina langa?"

"Lili kutsogolo. Dzina lalikulu limabwera kumapeto, ngati mlendo wolemekezeka. Kapena tikuikeni pakati pa Chule ndi Nkhono?"

"Ayi, ayi. Kumapeto komweko."

Tsiku limenelo ana a Njiwa adamwa phala.

M'mawa mwake a Nguluwe adabwera ndi mbale yakuya ija, yogulira. Anthu adaiyang'ana, adayang'ana inzake yadzulo, adayang'anana okhaokha. Koma Nakapuku adali atazungulira mudzi wonse kufunsa kuti wathandiza mnzake ndani. Adawapeza ambiri. Fuko adalozera anthu pokumba zikhawo. Kadzidzi ankachezera odwala. Nyerere zochotsedwa ntchito zija zinkatungira nkhalamba madzi kwaulere. Onsewo adalowa m'nyimbo, ndipo padalibe dzina labodza ngakhale limodzi.

Gu, gu, gu. Nyimbo ili pa Nyerere, zii.

"Mayi, dzulo Fuko munalibe m'nyimbomu."

"Wathandiza dzulo lomwelo, bwana. Anthu akamathandizana nyimbo imatalika. Timuchotse? Uyo wakhala apoyo, mumuuze nokha."

A Nguluwe adayang'ana Fuko, adayang'ana mano a Fuko. "Msiyeni. Koma muziimba mofulumira."

"Ndi njala imeneyi? Munsi ndi wolemera, bwana."

"Ndiye muzisinja pang'onopang'ono, chimanga chichedwe kukonoleka."

"Tingathe. Nyimbonso iyenda pang'onopang'ono."

Ine ndanenerera mitengo ndi anthu ouma mitima, koma mayankho ngati amenewa sindidawamvepo. A Nguluwe adabwera ndi dengu, nyimbo idathera panjira. Adabwera ndi thumba, idathera panjira. Chakudya chikamachuluka, othandiza anzawo nawo ankachuluka, dzina lalikulu n'kumasunthira kutsogolo.

Potsiriza adavula jekete. "Itanani Nyerere zija, zibwerere pantchito. Tsekulani nkhokwe. Mitondo yonse ya m'mudzi muno ibwere pano, ndione ngati nyimbo imeneyi ilibe mchira."

Nyerere zidasenza, ndandanda. Zitafika pansi pa nkhokwe zidapeza anankafumbwe atayamba kale kudya. Akadadikira mtengo wawo uja, a Nguluwe akadagulitsa fumbi. Nakapuku fungo limenelo adali atalimva kalekale, poti mphuno ya mbewa sinama pa chimanga, koma sadafune kuwawonongera chifundo chawo.

Mitondo idalira mudzi wonse, gu, gu, gu, fumbi koboo. Adadutsa Chule, adadutsa Njuchi, adadutsa Fuko ndi Kadzidzi ndi ena onse. Dzuwa litapendeka, Nakapuku adakweza mawu:

Gu, gu, watsekula nkhokwe ndani?
A Nguluwe, a Nguluwe, atsekula.

A Nguluwe adavina, kamchira kali pikupiku, misozi ili chuchuchu. Adapempha kuti abwereze, ndipo adawabwerezera, pakuti tsopano chimanga chidalipo chokwanira.

Atatopa, Nakapuku adatambasula kadzanja. "Nanga basela, bwana?"

"Basela winanso? Nkhokwe yonseyi?"

"Kambale kophwanyika kaja. Anapiye a Nkhanga alibe momwera madzi."

Pamaso pa anthu onsewo akadakana bwanji? Adapereka. Kuyambira pamenepo adatsala ndi mbale imodzi, yogulira yomweyo, yogulitsira yomweyo. Mvula itabweranso ogula adalipo, amoyo, ndipo ankafika pamalo pawo osachita kuwaitana ndi ng'oma.

Njiwa adadzafunsa pambuyo pake: "Achemwali, bwanji dzina lanu simudaliike m'nyimbo ija?"

Nakapuku adagwira pakamwa. "Ndidaiwala. Likadatalikitsa nyimbo limenelo. Pamenepo bwana adandidyera mbale imodzi."

Nthano yanga ndaimanga pakamwa ngati thumba, yathera pompa. Basela wake nayu: wamalonda musamuyese ndi ng'oma za chaka chabwino, muyeseni ndi mbale yake chaka choipa. Ndipo wamkulu akafuna kuimbidwa, muimbeni ndithu, palibe cholakwika. Koma dzina lake muliike kumapeto.