Hatchi Imene Dervla Anaigwira

Kalekale, koma osati kale lija nyama zinkalankhula, kunali mtsikana wina dzina lake Dervla. Kwawo kunali ku Ireland, dziko lozizira la kutsidya kwa nyanja kumene mvula sidziwa nyengo, m'katauni ka asodzi ndi oweta nkhosa. Mayi ake anamwalira iye ali wakhanda, choncho anakula m'manja mwa bambo ake, a Malachy, ndi mlongo wawo wa bambowo.

Mtsikanayu ankasewera tchesi. Kwa inu amene simunawaonepo, ndi masewera a anthu awiri pa bolodi la timabokosi takuda ndi toyera. Aliyense amakhala ndi tiziboliboli take: mfumu, mfumukazi, mahatchi, asilikali ndi tina. Amene watsekereza mfumu ya mnzake ndiye wapambana. Musayerekeze ndi bawo ya pansi pa mtengo, pomwe woonerera aliyense ndi mphunzitsi. Pa mpikisano wa tchesi pamakhala zii ngati m'chipinda cha mayeso, ndipo pali lamulo limodzi louma gwa: kachiboliboli kamene wakagwira ndi komweko uyenera kukasuntha, ngakhale ukuona kuti kakupereka kwa adani. Ngati ukungofuna kukaimika bwino, uyenera kunena kaye kuti ukungokonza, dzanja lisanafike.

Akazi atatu ndiwo anamufikitsa Dervla pamene anafika.

Woyamba anali azakhali akewo, a Nuala. Pa utsikana wawo ankatsuka matambula m'nyumba ina yomweramo mowa, momwe amuna a m'tauniyo ankasewera tchesi kuchipinda cha kumbuyo. Anaphunzira masewerawo ndi maso okha, akutola matambula. Tsiku lina atapempha kuti akhale nawo pa bolodi, amunawo anaseka mpaka kutsamwa, nati mkazi sangathe chifukwa sachedwa kusintha maganizo. Mawuwo anawakhala pamtima mpaka imvi. Ndiye pamene Dervla anayamba kufikira pa tebulo la kukhitchini, anamukhazika pansi n'kumuphunzitsa zonse zimene anaba ndi maso zija. Koma sanamulole kubweza dzanja ngakhale kamodzi. Mwana ankalira misozi kugwera pa bolodi, iwo ali chilili. "Wagwira, suntha," ankatero. "Asadzanene kuti mwana wa m'nyumba muno anapempha chifundo."

Wachiwiri anali aphunzitsi ake, Mayi Treasa. Iwowa tchesi sankaidziwa kwenikweni, ankangodziwa mayendedwe a tiziboliboli basi. Koma ataona mwana wa sukulu akugonjetsa abambo a ndevu zawo, anadzipereka. Kagalimoto kawo kokhosomola kanayenda misewu yonse ya dzikolo kupita naye ku mipikisano, kumene nthawi zambiri Dervla ankapezeka mtsikana yekhayekha pakati pa anyamata. A Malachy akakana, Mayi Treasa ankakhala pakhomo pawo mpaka tiyi kuzizira, osachoka asanamve kuti eya. Chilema chawo chinali ukhondo. Sankapirira kuona chinthu chitapendekeka, kaya kolala ya malaya, kaya chithunzi pakhoma. Dervla akamayeserera kusukulu, ankamuimirira kumbuyo n'kumamuuza kuti anthu akuyang'ana mtsikana, bolodi lake lizioneka la munthu woleredwa. Mwana anazolowera kuimika kachiboliboli kalikonse pakati penipeni pa kabokosi kake, dzanja likuchita lokha mutu uli kwina. Za mawu aja oyenera kunena kaye, Mayi Treasa sankawalabadira, poti kusukulu kunalibe wowafunsa.

Wachitatu anali Breda, mtsikana wa tauni ina, wamkulupo pang'ono. Anakumana pa mpikisano wina ali awiri okha ovala masiketi m'holo yonse, ndipo kuyambira pamenepo anali ngati mapasa. Breda ndiye anamubwereka mabuku, namuonetsa misampha imene anyamata ankakonda kutchera. Dervla akagonja n'kukabisala kuchimbudzi, Breda ndiye ankagogoda pachitseko mpaka atuluke. Ankagona bedi limodzi m'nyumba za alendo, kugawana buledi, kusekera pamodzi amuna amene ankafiira makutu akagonja kwa mtsikana. Breda ankanena yekha, mosabisa, kuti mnzakeyo wamupitirira.

Tsono kunabwera mpikisano waukulu wa atsikana a dziko lonse. Wopambana, mmodzi yekha, ndiye akanapita kunja kukaimira dzikolo ndi kukaphunzira kwa akatswiri. A Malachy anali atatopa. Anzake a Dervla onse anali atayamba ntchito kufakitale ya nsomba, wawo yekha ndiye ankangoyang'anitsitsa timitengo. Anaitana a Nuala ndi Mayi Treasa nanena mosapita m'mbali kuti mwanayo akapambana, iwo atseka pakamwa mpaka kalekale, koma akagonja, bolodi likwera pamwamba pa kabati ndipo iye alowa kufakitale ngati anzake. Onse anavomera, poti panalibe amene ankaganiza kuti Dervla angagonje.

Anagonjetsadi onse, mmodzimmodzi, mpaka panatsala masewera otsiriza. Ndipo amene anakhala kutsidya kwa bolodi anali Breda. Kwa Breda chimenecho chinali chaka chomaliza, chifukwa msinkhu wake unali utafika pamalire a mpikisano wa atsikana.

Anagwirana chanza, wotchi yowerengera nthawi ya wosewera aliyense n'kuyamba kuyenda. Pofika pakati pa masewera, aliyense wodziwa tchesi ankaona kuti Breda madzi amufika m'khosi. Potambasula dzanja kuti adye msilikali wa Dervla, mkono wa juzi yake yokhuthala unakhudza hatchi ya mnzakeyo, hatchi n'kupendekeka pang'ono, phazi lake kuponda mzere. Sanachitire dala, ndipo pa zimenezi palibe amene anamukayikirapo. Dervla anali kutali m'maganizo, akuwerenga njira yotsekera mfumu ya Breda. Dzanja lake linanyamuka lokha, linagwira hatchi ija, n'kuiimika bwinobwino pakati pa kabokosi. Pakamwa sipanatuluke mawu.

Anazindikira zala zikadali pa hatchipo. Hatchi imeneyo ndiyo inkatchinga mfumukazi yake. Kuisuntha kunali kutsekula chitseko kuti mfumukazi idyedwe, ndipo wopanda mfumukazi pa msinkhu umenewo wa masewera ndi munthu wakufa kale.

Woyang'anira mpikisano anali pa tebulo lina, atapereka msana. Amene anaona anali Breda, ndiponso a Nuala ndi Mayi Treasa, amene anaimirira kuseri kwa chingwe cha oonerera. Breda anayang'ana hatchi, anayang'ana Dervla, kenako anagwetsa maso pa bolodi. Sananene kuti suntha. Sananenenso kuti zisiye, ndaona kuti umangokonza. Dervla anadikira, wotchi yake ikudya nthawi. Anadikirabe. Kenako anakweza maso kuyang'ana kuchingwe kuja, naona Mayi Treasa atagwira pakamwa, azakhali ake atapinda manja pachifuwa, nkhope ili gwa ngati masiku a kukhitchini.

Anasuntha hatchi. Mfumukazi inadyedwa. Posakhalitsa Dervla anagoneka mfumu yake pa bolodi posonyeza kuti wagonja, napereka dzanja kwa Breda, n'kutuluka.

A Malachy sanasinthe mawu awo, ndipo kunena zoona palibe anawapempha kuti asinthe. Dervla analowa kufakitale. Zala zija zinkaona njira pomwe akuluakulu sankaiona zinatha zaka zikutumbula nsomba m'madzi ozizira. Kenako anawoloka nyanja kukagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo sanagwirenso kachiboliboli ka tchesi. Ine zimandipweteka mpaka lero, chifukwa mphatso ngati imeneyo sibwera kawiri m'katauni kamodzi. Breda anapita kunja kuja, anasewera mwapakatikati, nabwerako ali chete. Makalata amene ankalembera mnzake sankayankhidwa.

Panapita zaka zambiri, a Malachy anamwalira. Dervla anabwera kumaliro ali mayi wa imvi zake, ndi kachikwama kamodzi kosonyeza kuti sagona. Anapereka moni kwa onse mwaulemu, ulemu uja umapweteka kuposa chipongwe. Atabwerako kumanda, anthu akumwa tiyi pabalaza, akazi atatu aja anapezana kukhitchini. Mukanayembekeza kuti azilozana zala wina ndi mnzake. Ayi ndithu. Mkangano wawo unali wakuti aliyense ankalimbira mlanduwo kuti ndi wake.

A Nuala, atakalamba mpaka kuyendera ndodo, anati iwo ndiwo anapha mwanayo. Anati mkwiyo wawo pa amuna a m'nyumba ya mowa ija anausenzetsa mwana wosalakwa, ndipo tsiku lija akanangomasula manja, akanangogwedeza mutu pang'ono, Dervla akanaitana woyang'anira n'kufotokoza. Anzawo anawatsutsa kuti popanda iwo mwanayo sakanadziwa n'komwe kuti tchesi n'chiyani, komanso kuti chimene anamuphunzitsa ndi lamulo lenileni la masewerawo, osati bodza.

Mayi Treasa anati ayi, dzanja lija linali lawo. Anati analowerera ntchito imene sankaidziwa, naphunzitsa mwana chizolowezi popanda mawu ake, zonsezo chifukwa choopa kuti anthu anena chiyani za mtsikana. Anzawo anawakumbutsa kuti popanda kagalimoto kawo ndi khama lawo pakhomo pa a Malachy, Dervla akanathera pa tebulo la kukhitchini, ndipo palibe munthu anaimbidwapo mlandu chifukwa chophunzitsa mwana ukhondo.

Breda analankhula pomaliza, ndipo sanakweze mawu. "Inu munalakwa osadziwa," anatero. "Ine ndinkadziwa. Mawu anali pakamwa panga, ndinawameza, chifukwa ndinkafuna kupita." Akuluakulu awiriwo anamuuza kuti anali mwana, kuti sanaphwanye lamulo lililonse, kuti pa bolodi munthu saloledwa n'komwe kulankhulitsa mnzake, ndipo si ntchito ya wopikisana naye kukupulumutsa. Breda anangopukusa mutu.

Ali mkati mokangana choncho, anaona Dervla ataima pakhomo la khitchini, chikhoto atavala kale, kachikwama kali m'manja. Anali atamva zokwanira. Anawayang'ana onse atatu kwa kanthawi, ndipo nkhope yake sinali yaukali, inali yotopa chabe.

"Azakhali, aphunzitsi, nawenso Breda," anatero, "basi yanga ili pafupi kufika, ndipo sindikhulupirira kuti ndidzabweranso kuno. Mphamvu zomvera anthu atatu ndilibe. Ndikakhala pa benchi pamsewupo. Ngati pali wondipepesa, abwere mmodzi, amene mlanduwu ndi wakedi. Mukabwera awiri, ndikwera osalankhula ndi aliyense."

Anatuluka, natseka chitseko pang'onopang'ono. Onse atatu anaimirira nthawi imodzi, ndipo anakumana pachitseko chomwecho, aliyense dzanja lili pa chogwirira. Pa zenera ankamuona Dervla atakhala yekha pa benchi, mvula ikuwaza, ndipo kumtunda kwa msewu basi inali itayamba kutsetsereka.

Za a Malachy musandiuze, iwo ananena zawo poyera ndipo agona. Pano patsala atatuwa: amene anaumitsa mtima wa mwana, amene anazoloweza dzanja lake, ndi amene anatseka pakamwa pamene mawu amodzi akanakwanira. Inu amene mwamva nkhaniyi, ndani mwa atatuwa ayenera kutsekula chitseko n'kupita kukakhala pa benchipo?