Chidindo cha Mitu Itatu

Tuvi ankapota thonje pakhomo pamene amayi ake anafika ali wefuwefu.

"Siya zimenezo. Mchimwene wako watengedwa ndi chilombo chodzipangira yekha."

Mu mzinda wa njerwa uja, m'mbali mwa mtsinje wa Indasi, banja lawo linkasema zidindo: timiyala tofewa tojambulapo nyama, timene amalonda ankadinda pa dothi lomatira katundu. Lamulo linali limodzi basi: thupi limodzi, mutu umodzi. Koma Daruk, mchimwene wa Tuvi, nkhutukumve wa mnyamata, anasema thupi la ng'ombe n'kuikapo mitu itatu, wa kambuku, wa njati ndi wa ng'ona. Atadinda, dothi linatupa, linadzuka, linamuluma chovala n'kupita naye ku mauvuni akale otenthera njerwa.

Amuna anachilondola ndi miuni kuti akachitenthe. Zitsiru. Onsewo anakulira pa njerwa, koma palibe anakumbuka kuti dothi likapsa limalimba. Anabwerako mikondo ili zidutswa, chilombo chitakhwima gwa!

"Ndipita ine," anatero Tuvi.

"Iwe, kamtsikana ka thonje?" anatero amalume ake, mmodzi wa amuna aja. "Udzakwana mutu uti?"

"Inu mwabwera ndi ndevu theka, malume. Ndipatseni njira."

Tuvi anatenga chidindo cha malemu bambo ake, cha nyama ya nyanga imodzi, n'kudinda pa matope a kumtsinje. Nyamayo inadzuka, inadzikung'untha, n'kugwada. Anaisenzetsa mitsuko isanu ya madzi ozizira.

Anapeza chilombo chikuotha moto, Daruk chitamuponda ndi chiboda.

"Ndiwo zabwera zokha!" unatero mutu wa ng'ona.

"Ndiwo zake n'ziti, mafupa okhaokhawa?" unatero wa kambuku.

"Ndinamva kuti ndinu oopsa," anatero Tuvi, "koma ndikuona chidina chosapsa. Njerwa yeniyeni imalowa mu uvuni mpaka kufiira. Inu mungathe?"

Mutu wa njati unakana, koma iwiri inayo inaukoka. Chilombo chinasiya Daruk, chinalowa m'moto, chinakhalamo mpaka kufiira psuu. Chinatuluka chikudzitama, nthaka ikunyeka pomwe chaponda.

Mwana aliyense amene anakwapulidwapo chifukwa chothira madzi ozizira mu mphika wamoto amadziwa chimene chimachitika. Nyama ya nyanga imodzi inalumpha pamwamba pake, mitsuko yonse khuthu! Chilombo chinalira ngati mbiya yogwa, chinang'ambika, mitu itatu n'kugubuduzika payokhapayokha. Nyama yothandiza ija, poti inali dothi losapsa, inasungunukira pomwepo.

Mzinda wonse unawachingamira ndi ng'oma. Amalonda anaveka Tuvi mikanda yofiira, amalume akuyang'ana pansi. Amayi anagwira Daruk khutu, n'kuponya chidindo chake mumtsinje, kenaka anatembenukira kwa Tuvi.

"Wachita bwino. Koma mikanda sitifunda."

Tuvi anakhala pakhomo, natola thonje lija. Ulusi unali utapiringizika, ndipo anayamba kufunafuna nsonga yake.