Mimba ya Apongozi, Makina a Mkamwini

Mayi Eneless a ku Jenala anaima atakula kale, mwana wawo woyamba, Belita, ali pabanja. Manyazi analipo, koma kusikelo ankapitabe. Tsiku lina namwino anapima mimba ija n'kupukusa mutu.

"Mimbayi yachepa, mayi. Pitani kuchipatala chachikulu akakuunikeni ndi makina oonera mwana m'mimba."

Anapitadi. Koma atasuzumira m'chipinda chounikiramo, anaona kuti woyendetsa makinawo anali Stafford, mwamuna wa Belita. Mkamwini amene akakumana naye panjira amapatukira kutchire, lero amuvulire mimba? Anabwerera pakhomo pomwepo, liwiro la mtondo wadooka, ndipo kunyumba anakanena kuti makina afa.

Masabata anapita, mimba osakula, mwana kugunda mwa apo ndi apo. Mayi Eneless anayamba kuopa, koma pakamwa anatseka. Bodza lija linaululika Belita atafunsa mwamuna wake ngati makina aja anakonzedwa.

"Amayi, mukufuna tikwirire mwana chifukwa cha ulemu?" anafunsa Belita atafika kwawo, misozi ili mbwembwembwe.

"Iwe, apongozi sachita zimenezo."

"Ndiye mukafunde chitenje kumaso. Iwo akufuna mimba, nkhope yanu alibe nayo ntchito."

Zinaterodi. Anagona pabedi atadziphimba mutu ngati mkwatibwi, Stafford naye maso ali pa makina, mawu onse akudzera kwa namwino.

"Auzeni amayi kuti mwanayu njira ya mkodzo ndi yotsekeka. Impso zatupa, ndipo madzi amene amakhalamo achepa. Asachirire kwa azamba. Apite ku Blantyre msanga."

Kumeneko anachira mwana wamwamuna. Atangobadwa, madokotala anamuika kapaipi kotulutsa mkodzo, kenako anamuchita opaleshoni yotsegula njira ija. Dokotala sanabise mawu: impso imodzi inali itafooka kale, ndipo akanabadwira kumudzi, popanda wodziwa vutolo, inayonso ikanatsatira.

Tsiku limene Amosi, poti ndilo dzina anam'patsa, anakodzera chitenje cha mayi ake mpaka kunyowetsa bedi, mayi Eneless anaseka, kenako analira ndi chimwemwe. Stafford atabwera kudzazonda, mayi Eneless sanathawirenso kuseri. Anayang'ana kumbali monga mwa mwambo, koma mawu anatuluka.

"Bambo, mwanayu ndikanamupha ndine. Zikomo."

Ulemu ndi wabwino, koma matenda sadziwa chipongozi. Mayi Eneless anatuluka kuuna utsi utayamba kale kulowa, mwayi umene ambiri saupeza. Paja akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.