Mtondo wa a Dzimbiri

Ana inu mumangotchula miyambi osadziwa kumene inachokera. Uwu ine ndinalipo, ngakhale palibe amandifunsa.

Chaka china kwathu ku Chikwawa kunabwera anthu a m'tauni, wowatsogolera ali mayi Kalumbi. Anati kumwamba kuli setilaiti yomwe imayeza kutentha kwa nthaka, koma nthawi zina imanama. Choncho anazika kachipangizo pabwalo loyera kuseri kwa sukulu, kuti kaziyeza nthaka yomweyo.

"Ziwirizi zikasiyana, timakonza yakumwambayo potengera kapansika," anatero mayiwo. "Tikufuna mlonda woingitsa mbuzi basi. Asakakhudze."

Ntchitoyo inali ya njinga ndi jombo. Ine ndinaimika mkono poyamba, koma anasankha alamu anga a Dzimbiri, osema mitondo, ati nkhope yawo ndi yachifundo. Yanga kaya ndi yotani.

Mwezi wa Okutobala dzuwa linafika poti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. A Dzimbiri anakayang'ana kachipangizo kaja, mtima unawawawa.

"Alamu, kakupsa aka. Kamlendo, kopanda ndi chipewa chomwe."

"Anati musakakhudze," ndinatero.

"Nsanje imeneyo, alamu. Njinga ikukupwetekani."

Anawaza madzi pansi monga tichitira polandira alendo, natenga mtondo wawo waukulu n'kukavindikira. Masana alionse ankatero, madzulo n'kuvundukula.

Tsiku lina galimoto inatulukira dzuwa lili paliwombo. Mayi Kalumbi anatsika nkhope ili gwa.

"Bambo Dzimbiri, setilaiti ikuti kuno nthaka ikuyaka, kachipangizo kathu kakuti kukuzizira ngati ku Dedza. Tinatsala pang'ono kuikonza setilaiti yosalakwa. Kali kuti?"

A Dzimbiri analoza mtondo monyadira. "Kali bwino, mayi. Sikanaone dzuwa n'kamodzi komwe."

Mayiwo anakhala pansi pafumbi pomwepo. Atadzuka anakweza njinga m'galimoto. Jombo anawavula pamaso pa ana asukulu, a Dzimbiri n'kubwerera kwawo akudumphadumpha pamchenga wotentha, mtondo uli pamutu.

Ine ndinakonza kolala, kudikira. Ntchito anaipatsa mpanda wa waya.

M'pamene anthu anayamba kunena kuti chifundo chinapha msemamitondo. Kufa sanafe, alipo, akudyabe kwa mlongo wanga. Tanthauzo lake ndi lakuti chifundo chosafunsa chimapweteka mwini wake. Usanathandize, yamba wadziwa ngati chinthucho chikuvutikadi, pakuti china kupsa ndiye ntchito yake.