Wothira madzi zojambula za m'phanga

Panali munthu wina amene ankakhala m'tsinde mwa phiri la mitengo yambiri, ndipo ntchito yake inali yoperekeza alendo okwera phirilo.

Phirilo silinali lalitali kwenikweni. Munthu wa miyendo yabwino ankanyamuka atadya kadzutsa n'kukafika pamwamba dzuwa lisanafike paliwombo. Koma linali lokoma kuyendamo. Njira inkadutsa mumthunzi wa mombo ndi misuku, inkawoloka kamtsinje kosaphwa ngakhale mu Okutobala, kenako n'kulambalala ng'anjo ziwiri zogumuka zimene anthu akale ankasungunuliramo chitsulo. Mitengo ikamaphuka masamba ofiira, anthu ankachokera kutauni kudzangoyenda basi. A m'mudzimo ankaseka nazo zimenezi: munthu wamkulu kukwera phiri, osatola nkhuni, osazula bowa, n'kutsika chimanjamanja koma akusekerera.

Chapamwamba panali phanga, thanthwe lalikulu lowerama ngati khonde la nyumba. Pakhoma pake panali zojambula zofiira, mizere, timadontho, zozungulira zina mkati mwa zinzake, ndipo cha m'munsi panali kanyama kamodzi kotambasula miyendo inayi. Amene anajambula palibe ankamudziwa. Agogo a agogo ake a munthuyu anazipeza zili pomwepo.

Zojambulazo zinali ndi khalidwe lake. M'mawa ndi masana zinkabisala, munthu n'kumangoona thanthwe lotuwa ndi tizizindikiro tosadziwika bwino. Bambo ake a munthuyu, amenenso ankaperekeza alendo, anali ndi kachitidwe kawo. Akafika kuphangako ankakhazika anthu pamwala wathyathyathya, n'kuwauza kuti amasule mbatata zawo adye. Ankadikira mpaka dzuwa litapendeka, kuwala kwake n'kulowa m'phangamo cham'mbali. Pamenepo zojambulazo zinkatuluka zokha, chimodzichimodzi, popanda wozikhudza.

Bambowo atamwalira, mwanayo anatenga ntchitoyo. Ndinene poyera kuti sanali munthu woipa. Phirilo ankalikonda kuposa munda wake. Mvula ikatha ankalambula njira, chilimwe ankateteza mitengo ku moto wolusa, ndipo akapeza msampha wa mbira ankauphwasula. Ootcha makala ankamudziwa bwino, ndipo ankamuda. Vuto lake linali limodzi lokha: mtima wake sunkapirira kuona mlendo akuyang'ana wotchi.

Ndiye alendo amasiku ano mukuwadziwa. Afika kuphanga thukuta lili kamukamu, ayang'ana khoma kamodzi, wina n'kunena kuti, "Takwera phiri lonseli chifukwa cha timadontho iti?" Mawu otere ankamupweteka ngati amunyozera mwana wake.

Tsiku lina akumwa madzi pafupi ndi khomalo, madzi ena anadonthera pathanthwe. Pamene pananyowapo, utoto uja unadzuka, kufiira psuu. Alendo anakuwa ndi chimwemwe natulutsa mafoni awo. Kuyambira tsiku limenelo munthuyo ankatunga chigubu cha madzi pakamtsinje kaja, ndipo akafika kuphanga ankawaza khoma lonse mpaka pamene mkono wake unkafika. Panalibenso zodikira dzuwa. Alendo ankajambula, ankamuyamikira, n'kutsika nthawi ikadalipo.

Koma madziwo sankatsika okha. Ulendo uliwonse ankakokolola kautoto pang'ono, kosaoneka ndi maso, ndipo akauma ankasiya mikwingwirima yoyera ngati mchere. Patapita zaka, munthuyo anaona kuti zojambulazo zayamba kuvuta kudzuka. Anachita chimene ambirife tikanachita. Anawonjezera madzi, ndipo masiku ena ankapukutako ndi kansanza konyowa.

Munthuyu anali ndi mlongo wake wamkulu amene anakwatiwa kutali. Panali patapita zaka makumi atatu asanakwere phirilo. Chaka china anabwera kudzacheza, atakalamba, mawondo ali otupa.

"Achimwene," anatero mayiyo, "mundikweze kuphanga kuja. Mawondo awa chaka chamawa sadzalolanso. Ndikufuna ndikaone kanyama kathu kaja. Paja inu munkati ndi buluzi, ine ndinkati ndi fulu. Tikamalize mlandu umenewu tisanafe."

Anakwera pang'onopang'ono, mayiyo atatsamira ndodo, akupumira pansi pa msuku uliwonse. Pakamtsinje paja mwamunayo anadzaza chigubu chake, monga mwa masiku onse. Atafika kuphanga, mayiyo anapita molunjika pamwala wathyathyathya uja nakhala pansi. Mwamunayo anatsegula chigubu n'kuyandikira khoma.

"Mukufuna kutani ndi madziwo?" anafunsa mayiyo.

"Kuti muone msanga, achemwali."

"Wakuuzani ndani kuti ndili pachangu? Tsekani chigubucho mukhale pansi, monga ankachitira bambo."

Anakhala. Panali patapita zaka zambiri munthuyo asanakhale pamwala umenewo, ndipo kudikirako kunamutalikira. Njiwa zinalira, anyani anadutsa kumtunda, mthunzi unasuntha. Kenako dzuwa linapendeka, kuwala kunalowa cham'mbali n'kuyamba kukwawa pakhoma.

Cha m'munsi sipanatuluke kanthu. Panali thanthwe lotuwa ndi mikwingwirima yoyera yotsikira pansi. Pamene panali kanyama kaja panatsala kamzere kamodzi kofiirira, mwina mwendo, mwina mchira. Koma pamwamba, pamene madzi a m'chigubu sankafika, zozungulira zinayi zinatuluka zili psuu, monga mmene awiriwa anazionera ali ana.

Mayiyo anayang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe, sanalire. Anayang'ana chigubu chija, n'kuyang'ana mlongo wakeyo, ndipo anamvetsa zonse.

"Achimwene," anatero, "chatsala ndi chokhacho chimene dzanja lanu silinafikepo."

Munthuyo anaimirira. Ananyamula chigubu chija, natuluka m'phangamo, nakhuthulira madzi onse patsinde pa msuku. Anatsika nacho chopanda kanthu, ndipo sanakwere nachonso. Kuyambira pamenepo alendo ake amawakhazika pamwala. Ena amadikira n'kuona zozungulira zinayi zija. Ena amatsika akung'ung'udza, iye n'kuwaperekezabe. Mlongo wake uja anabwerera kwawo, ndipo phirilo sanalikwerenso.

Tsopano ndikunena ndi inu amene mukulera ana. Munthu uja phirilo sankalida. Wootcha makala analephera kuliwononga, koma wolikonda ndiye anafufuta kanyama kaja, chifukwa ankachita manyazi pamaso pa alendo. Nanunso muli ndi kamwana kamene kamachedwa kuyankha, kamene nzeru zake sizioneka m'mawa. Alendo akabwera mumakakoka kuti kawerenge, mumakayerekeza ndi mwana wa oyandikana nawo, mumakakalipira kuti kawale lero lomwe. Kamawaladi, ndipo alendo amakuyamikirani. Koma tsiku lililonse lotere pali chimene chimakokoloka, ndipo simuchiona chikamapita.

Tsekani chigubucho, mukhale pansi. Musadzafike pa tsiku limene chabwino chokha chotsala mwa mwana wanu chidzakhale chimene dzanja lanu silinafikepo.